Chiphaso cha Interrail, matikiti apadera ndi bedi la m'sitima ya usiku: chosankha n'chiti ku Ulaya?

Aliyense amene akukonza zozungulira mayiko angapo a ku Ulaya pa sitima amakumana msanga ndi mayina awiri, Interrail ndi Eurail. Chinthucho n'chimodzi, chiphaso chokwerera sitima za mayiko ambiri popanda kugula tikiti pa ulendo uliwonse, ndipo chimayendetsedwa ndi kampani imodzi, Eurail B.V., ya ku Utrecht m'dziko la Netherlands. Eurail inayamba mu 1959 pofuna kuthandiza alendo ochokera kutsidya la nyanja, pomwe Interrail inabwera mu 1972 ya achinyamata a ku Ulaya komweko. Masiku ano chosiyanitsa ndi kumene mumakhala, osati dziko limene linakupatsani pasipoti. Namwino wa ku Malawi amene akukhala ku Leeds, kapena wophunzira wa ku Chipata amene ali ku Berlin, agula Interrail, ndipo aziyenda ndi umboni woti amakhaladi kumeneko. Wochokera ku Lilongwe, ku Tete kapena ku Johannesburg agula Eurail. Chiphaso chachikulu, chotchedwa Global Pass, chimagwira ntchito m'mayiko 33.

Chimene ambiri amachizindikira madzi atafika kale m'khosi n'chakuti chiphasochi chimalipira ulendo wokha. Mpando wa pa sitima zina zothamanga, komanso bedi pa sitima iliyonse ya usiku, mumalipira padera, ndipo malo amenewo amatha. Malangizo anga onse m'nkhaniyi atsamira pamenepo: yambani mwaona ngati bedi lilipo pa usiku umene mukufuna, ndipo likudula bwanji, musanatulutse ndalama ya chiphaso.

Zimene tiyezere

Njira iliyonse tiyiyeza pa zinthu 4. Choyamba ndi mtengo, koma mtengo wonse: chiphaso kapena tikiti, kuphatikiza ndalama zosungitsira malo, kuchotsapo za hotela zimene mwapewa pogona m'sitima. Chachiwiri ndi kupezeka, kutanthauza ngati malo alipodi pa tsiku lanu komanso ngati mungathe kugula muli kutali. Chachitatu ndi chisamaliro, ntchito imene imatsalira m'manja mwanu ulendo ukayamba. Chachinayi ndi zoopsa: mumataya chiyani sitima ikachedwa, foni ikazima, kapena viza ikapanda kutuluka pa nthawi yake.

Nkhani ya viza imakhudza njira zonse, choncho tiyithane nayo kaye. Pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ngakhale ya South Africa imafuna viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo kukhala ndi chilolezo chokhalira ku Britain sikukuchotserani lamulo limeneli. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira €90, amasonyeza inshulansi ya kuchipatala yofika €30,000, ndipo amaloledwa masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Mumafunsira ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukakhalitse kuposa ena onse.

Tsono mayiko a Schengen ndi 29, pomwe a chiphaso ndi 33, ndipo si amodzimodzi. Britain, Ireland, Turkey, Serbia, Montenegro, North Macedonia ndi Bosnia and Herzegovina ali m'chiphaso koma sali mu Schengen. Ngati viza yanu ndi yolowera kamodzi kokha, kukwera sitima ya usiku yochoka ku Sofia kupita ku Istanbul ndiko kutuluka, ndipo kubwerera simudzaloledwa. Chiphaso chidzakhala chikadali ndi masiku, koma chitseko chatsekeka. China n'chakuti a kazembe amafuna kuona kumene mudzagone usiku uliwonse. Chiphaso pachokha sichisonyeza zimenezo. Chikalata chosungitsira bedi m'sitima chimasonyeza tsiku, malo onyamukira ndi ofikira.

Njira yoyamba: chiphaso cha masiku osankha

Apa mumagula masiku owerengeka, 4, 5 kapena 7 oti muwagwiritse ntchito m'mwezi umodzi, kapenanso 10 kapena 15 m'miyezi iwiri. Tsiku limene simukukwera sitima siliwerengedwa.

*Mtengo.* Mu 2025 munthu wamkulu wa kalasi yachiwiri ankalipira pafupifupi €280 pa masiku 4, €380 pa masiku 7, ndi €450 pa masiku 10. Gawani nokha: tsiku limodzi likutuluka cha m'ma €70, €54 kapena €45. Nambala imeneyi ndiyo muyezo wanu. Ulendo uliwonse umene tikiti yake wamba ndi yotsika kuposa pamenepo suyenera kudya tsiku la chiphaso. A zaka 27 kutsika pansi amachotseredwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4, a zaka 60 kupita m'mwamba amachotseredwa pang'ono, ndipo ana a zaka 4 mpaka 11 amalandira chiphaso chaulere, ana awiri pa wamkulu mmodzi. Ulerewo umathera pa chiphaso; mpando kapena bedi la mwanayo mulipira.

Pa ndalama zosungitsira malo mayiko amasiyana kwambiri. Ku Germany, Austria, Switzerland, Netherlands ndi Belgium sitima zambiri, ngakhale zothamanga ngati ICE ndi Railjet, mumangokwera. Ku France TGV ya m'dziko momwemo imafuna €10 kapena €20, Frecciarossa ya ku Italy pafupifupi €13, AVE ya ku Spain pafupifupi €10. Zodutsa malire ndiye zimaluma: Eurostar yochoka ku London komanso TGV ya Paris kupita ku Barcelona kapena ku Milan zimatenga €30 kapena kuposerapo. Munthu amene akuyenda France, Spain ndi Italy okhaokha angapezeke wawonjezera €100 pamwamba pa chiphaso asanagone m'sitima ndi kamodzi komwe.

Ubwino waukulu wa chiphaso chimenechi uli pa lamulo la sitima ya usiku. Mukakwera madzulo n'kukafika m'mawa, tsiku limene limawerengedwa ndi lonyamukira lokha, bola musasinthe sitima pakati pa usiku patadutsa. Choncho mungathe kuchoka ku Budapest m'mawa, kufika ku Vienna pasanathe maola 3, kuswera mumzindamo, madzulo n'kukwera sitima ya usiku ya Nightjet yopita ku Amsterdam, zonsezo pa tsiku limodzi la chiphaso. Koma mukangotsika ku Amsterdam n'kukwera ina ya ku Rotterdam, mwatsegula tsiku lachiwiri. Kaulendo kakafupi ngati kameneko guleni katikiti wamba.

*Kupezeka.* Chiphaso chenichenicho sichitha. Mungagule lero pa intaneti, n'kudzachiyamba tsiku lililonse m'miyezi 11. Chimene chimatha ndi malo. Pa Eurostar ndi pa TGV zina za mayiko awiri, malo a anthu a chiphaso ndi owerengeka, moti sitima ingakhale ndi mipando yogulitsa koma inuyo n'kukanizidwa. Palinso makampani amene sachilandira n'komwe, monga Ouigo, Italo ndi FlixTrain. Sitima za pansi pa nthaka za m'mizinda, matiramu ndi mabasi a m'tauni nazonso sizili m'gululi.

*Chisamaliro.* Ntchito ilipo ndithu. Chiphaso chimakhala m'foni, mu pulogalamu ya Rail Planner, ndipo sitima iliyonse muyenera kuilowetsamo musanakwere kuti chizindikiro chosonyeza kondakitala chituluke. Kulowetsa sitima m'pulogalamuyo sikusungitsa mpando, ndipo kusungitsa mpando sikulowetsa sitimayo m'chiphaso. Ndi zinthu ziwiri, ndipo kondakitala wa sitima ya usiku adzafuna kuona zonse, pamodzi ndi pasipoti imene dzina lake likufanana ndi la pa chiphaso. Foniyo iyeneranso kumalumikizidwa pa intaneti pafupipafupi, apo ayi chiphaso chimasiya kuoneka. Chiphaso cha papepala chilipobe kwa amene sakhulupirira batire, koma chimafuna kulembapo ulendo uliwonse ndi cholembera, ndipo chikatayika chatayika.

*Zoopsa.* Woiwala kulowetsa sitima amatengedwa ngati wopanda tikiti. Tsiku la chiphaso likangoyamba simungalibweze. Ndipo kwa a Interrail pali lamulo limene limapweteka anthu okhala ku Britain: m'dziko limene mumakhala chiphaso chimagwira ntchito masiku awiri okha, lotuluka ndi lobwerera. Kuchoka ku Manchester kupita ku London, kenako Eurostar mpaka ku Brussels, zonse pa tsiku limodzi, n'zololedwa ndipo n'zopindulitsa kwambiri poona kudula kwa sitima za ku Britain. Koma kuzungulira Scotland ndi Interrail muli wokhala ku England sikutheka. Mbale wanu wobwera ndi Eurail kuchokera ku Blantyre alibe malire amenewa.

Njira yachiwiri: chiphaso cha masiku otsatizana

Ichi chimayenda osaima: masiku 15, masiku 22, mwezi umodzi, iwiri kapena itatu.

*Mtengo.* Mu 2025 cha masiku 15 chinali pafupifupi €480 ndipo cha mwezi wathunthu pafupifupi €700, kutanthauza €23 pa tsiku. Pa pepala n'chotchipa kuposa zonse. Koma tsiku limene mwakhala kwa achibale ku Frankfurt osakwera kanthu, ndalamayo yapita. Ndalama zosungitsira malo ndi zomwezija, ndipo popeza mukukwera sitima zambiri, zimachulukanso.

*Kupezeka.* Chimodzimodzi ndi choyamba chija.

*Chisamaliro.* Chimachepako, chifukwa simuwerenga masiku kapena kudandaula za kaulendo ka m'mawa mutatsika sitima ya usiku. Kulowetsa sitima iliyonse mu Rail Planner ndiye sikuthawika.

*Zoopsa.* Usiku wotsiriza ndi umene uyenera kusamalidwa: tsiku lofika liyenera kukhala lidakali mkati mwa nthawi ya chiphaso. Choopsa china ndi thupi. Munthu akalipira mwezi wathunthu amafuna kubweza ndalama yake, ndiye amangoyenda, mizinda n'kumangoionera pa zenera. Ineyo sindingachiyamikire kwa munthu amene ali ndi tchuthi cha milungu iwiri ndipo akufuna kuonana ndi anthu.

Njira yachitatu: matikiti apadera ogulidwiratu

Apa palibe chiphaso. Ulendo uliwonse mumagula tikiti yake pa webusaiti ya kampani ya sitimayo: DB ku Germany, ÖBB ku Austria, SNCF ku France, Trenitalia ku Italy, Renfe ku Spain.

*Mtengo.* Makampani ambiri a kumadzulo kwa Ulaya amagulitsa ngati ndege: wogula msanga amalipira zochepa. Tikiti yotsika kwambiri ya DB imayambira pansi pa €20, pomwe ya Berlin kupita ku Munich yogula tsiku lomwelo imapitirira €100. Mpando umakhala uli kale m'tikiti pa sitima zimene zimakakamiza kusungitsa malo, ndiye ku France, Italy ndi Spain njira imeneyi kawirikawiri imapambana chiphaso. Kum'mawa, ku Poland, Czechia, Hungary, Romania ndi Bulgaria, matikiti ndi otsika kale ngakhale mutagula mochedwa, moti kuwonongera tsiku la €54 pa ulendo wa kumeneko n'kutaya.

Pa sitima za usiku kuwerengera kwasintha. Kale munthu wa chiphaso ankalipira mtengo wokhazikika pa Nightjet, cha m'ma €30 kapena €40 pa bedi la m'chipinda cha anthu ambiri. Kuyambira mu Disembala 2023 mitengo ya Nightjet inayamba kukwera ndi kutsika potengera kuchuluka kwa ofuna malo, ndipo ya anthu a chiphaso inatsatira. Zotsatira zake n'zakuti nthawi zina kusiyana pakati pa tikiti yathunthu yogula msanga ndi ndalama yosungitsira bedi ya wa chiphaso kumakhala kochepa kuposa mtengo wa tsiku limodzi la chiphaso. Zikatero, chiphaso chakuluzitsani pa usiku umenewo. Njira yodziwira ndi imodzi: funsani mtengo kawiri pa webusaiti ya ÖBB, kamodzi ngati wopanda chiphaso, kenako ngati wa chiphaso, muone kusiyana kwake.

*Kupezeka.* Mumafikira malo onse a m'sitima, osati gawo losungidwira a chiphaso, ndiponso makampani onse, kuphatikizapo Italo ndi Ouigo. Vuto lili polipira. Maulendo 6 ndiye kulipira ka 6 pa mawebusaiti osiyanasiyana, ena mu yuro, ena mu ndalama za dziko lawo. Amene akugwiritsa ntchito khadi la banki ya ku Malawi akudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza, ndipo khadi lingakane pa tikiti yachitatu, ziwiri zoyamba zitalipidwa kale. Ngati pali wachibale wa kunja amene angalipire zonse tsiku limodzi, kambiranani msanga.

*Chisamaliro.* Ntchito yonse imachitikira kunyumba musananyamuke. Pa ulendo mumangosonyeza tikiti. Sindikizani zonse papepala. Foni ikazima simuvutika.

*Zoopsa.* Matikiti otsika mtengo, monga Super Sparpreis ya DB ndi Sparschiene ya ÖBB, amamangidwa ku sitima imodzi ndipo kawirikawiri sabwezedwa. Viza ikachedwa ndi mlungu umodzi, zonse zapsa. Apa chiphaso chimapambana, poti chimene simunachiyambe mungachisunthire tsiku lina, kapena kuchibweza n'kudulidwa pang'ono. Chinanso ndi kulumikiza sitima. Lamulo la European Union la 2021/782 limati sitima ikachedwa ndi mphindi 60 mubwezeredwe 25 peresenti ya tikiti, ikachedwa ndi mphindi 120 mubwezeredwe theka. Koma ngati munagula matikiti awiri padera ndipo kuchedwa kwa yoyamba kwakuphonyetsani yachiwiri, lamulolo silikakamiza kampani yachiwiriyo kukunyamulani. Makampani ambiri a boma anagwirizana kuti azithandiza munthu wotere pomukweza sitima yotsatira, akasonyeza umboni wa kuchedwako, koma sitima ya usiku yotsatira ndi ya mawa lake, ndipo bedi mwina mulibe.

Njira yachinayi: kusakaniza

Anthu amene anazolowera njanji za ku Ulaya ambiri amathera pamenepa: chiphaso chachifupi cha masiku 4 kapena 5 cha maulendo ataliatali odula, matikiti apadera pa maulendo aafupi, ndi tikiti ya dziko limodzi pomwe mukhalitse.

*Mtengo.* Ndi njira imene ingatsitse ndalama kuposa zonse mukaiwerengera bwino. Ku Germany kuli Deutschlandticket, imene inayamba pa €49 mu Meyi 2023 n'kukwera kufika pa €58 mu Januwale 2025, ndipo imakukwezani mwezi wonse pa sitima za m'madera, mabasi ndi matiramu m'dziko lonselo, kupatula sitima za maulendo ataliatali za ICE, IC ndi EC. Ku Switzerland kuli Swiss Travel Pass ya alendo, imene imaphatikiza mabasi, maboti ndi zoyendera za m'mizinda. Interrail ndi Eurail nazo zili ndi ziphaso za dziko limodzi.

*Kupezeka.* Zonsezi zimagulidwa pa intaneti, ngakhale ogulitsa ena a Deutschlandticket amafuna akaunti ya banki ya ku Ulaya.

*Chisamaliro.* Chachikulu kuposa njira zonse. Deutschlandticket ndi yolembetsa mwezi ndi mwezi, ndipo kwa ogulitsa ambiri mukapanda kuiletsa pofika pa 10, adzakudulaninso mwezi wotsatira muli kwanu kale.

*Zoopsa.* Kusokoneza matikiti: kukwera ICE ndi tikiti ya sitima za m'madera, kapena kutsegula tsiku la chiphaso pa ulendo umene munaulipira kale.

Kugona kwake: mpando, couchette, Mini Cabin kapena chipinda

Sitima za usiku zinatsala pang'ono kutha ku Ulaya. DB itasiya zake mu Disembala 2016, ÖBB inatenga njira zingapo n'kuzitcha Nightjet, ndipo lero ndiyo msana wa maulendo a usiku: Vienna kupita ku Hamburg, Amsterdam, Venice ndi Rome, Zürich kupita ku Berlin ndi Hamburg, Munich kupita ku Rome. European Sleeper, kampani ya mgwirizano wa anthu wamba a ku Netherlands ndi Belgium, inayamba Brussels, Amsterdam ndi Berlin mu Meyi 2023 ndipo inafika ku Prague mu Malichi 2024, koma siyenda usiku uliwonse. France ili ndi Intercités de nuit zochokera ku Paris Austerlitz, Finland ili ndi ya Helsinki kupita ku Rovaniemi, ndipo ku Italy sitima ya ku Sicily imakwezedwa yonse m'chombo powoloka nyanja pa Messina. Ku Britain kuli Caledonian Sleeper yochoka ku London Euston ndi Night Riviera ya Paddington kupita ku Penzance, ndipo zonse ziwiri siziyenda Loweruka usiku.

Mpando ndi wotchipa, ndipo umapezeka mpaka masiku otsiriza. Koma maola 12 kapena 14 mutakhala tsonga, anthu akukwera ndi kutsika, chitseko chosakhomeka, katundu mukumuyang'anira ndi diso limodzi, tsiku lotsatira lonse limathera kuodzera. Ndimauvomereza kwa wachinyamata wa thumba lopyapyala, usiku umodzi wokha.

Couchette ndiyo imene ndingasankhire anthu ambiri. Amene anakwerapo TAZARA kuchokera ku Mbeya kapena ku Kapiri Mposhi aizindikira msanga: kachipinda ka mabedi 6 kapena 4 osanjikizana, kogona ndi anthu osawadziwa. Amakupatsani nsalu yoyala, bulangeti ndi pilo, mumayala nokha, ndipo mumagona ndi zovala chifukwa amuna ndi akazi amasakanikirana. Amayi oyenda okha angathe kusankha kachipinda ka amayi okhaokha, koma timeneti ndi tochepa ndipo timayamba kutha. Chitseko chimakhomeka mkati. Chimbudzi ndi posambira m'manja zili kumapeto kwa bogi. Pa Nightjet m'mawa mumalandira tiyi kapena khofi ndi mabanzi. Ngati kusiyana kwa mtengo n'kochepa tengani ka anthu 4, chifukwa m'ka anthu 6 bedi lapakati silikulolani kukhala tsonga, ndipo zikwama zikuluzikulu zimene timanyamula popita kwa abale zimasowa poika. Banja la anthu 4 mpaka 6 lingagule kachipinda konse, ndipo imeneyo ndiyo njira yabwino yoyendera ndi ana.

Mini Cabin inabwera ndi sitima zatsopano za Nightjet zopangidwa ndi Siemens, zimene zinayamba kuyenda pakati pa Hamburg ndi Vienna komanso Innsbruck mu Disembala 2023. Ndi kamalo ka munthu mmodzi kotseka, kokhala ndi bedi, kathebulo, potchajira foni ndi kabokosi ka katundu. Mtengo wake umayandikana ndi wa couchette, ndipo umakupatsani kukhala panokha. Koma n'kopanikiza, simungaimirire, sutukesi yaikulu imakhala kwina, ndipo sitima zatsopanozi sizili pa njira zonse. Wokalamba kapena wa mawondo ovuta asatenge ya pamwamba.

Chipinda chogona chenicheni chimakhala cha munthu mmodzi, awiri kapena atatu, chili ndi matiresi abwino, mosambira m'manja, chakudya cha m'mawa chokwanira, ndipo zina zili ndi chimbudzi ndi shawa. Cha munthu mmodzi chingapose hotela yabwino pa mtengo, ndipo chiphaso chimangochotsapo kagawo kochepa. Ndicho chimayambanso kutha, chifukwa sitima yambiri imakhala ndi bogi imodzi kapena ziwiri zokha za mtundu umenewu. Choopsa chake n'chakuti bogi yoteroyo ikawonongeka, yolowa m'malo siipezeka msanga. Anthu amatsitsidwira ku couchette kapena ku mpando, ndipo ndalama ya kusiyanako amachita kuitanitsa pambuyo pake. Ku France dziwani kuti sitima za usiku za m'dzikomo zili ndi couchette ndi mipando basi.

Pali zina zimene zimagwera onse, kaya mwagona pati. Sitima zambiri za usiku zimagawika pa njira. Za ku Vienna ndi ku Innsbruck, mwachitsanzo, zimalumikizidwa ndi kupatulidwa ku Nürnberg anthu ali m'tulo, choncho khalani m'bogi imene yalembedwa pa chikalata chanu. Apolisi a m'malire angakudzutseni ngakhale mkati mwa Schengen, makamaka polowa ku Germany, kumene anabwezeretsa kufufuza pa malire onse a pamtunda mu Seputembala 2024. Pasipoti, khadi ndi foni zigone pathupi panu. Ndipo njira zimasintha: njanji ya Paris kupita ku Milan inatsekedwa ndi kugumuka kwa phiri mu Ogasiti 2023 mpaka kumapeto kwa Malichi 2025, ndipo Nightjet za ku Paris zochokera ku Vienna ndi ku Berlin zinasiya kuyenda mu Disembala 2025 boma la France litachotsa thandizo la ndalama. Nkhani yakale ya pa intaneti isakhale maziko a ulendo wanu. Onani pa webusaiti ya kampaniyo.

Kosungitsira malo

Webusaiti ya Interrail ndi Eurail ili ndi malo osungitsira, osavuta kugwiritsa ntchito, koma amawonjezera €2 pa munthu pa sitima iliyonse ndipo saonetsa sitima zonse. Pa Nightjet ndi sitima zina zodutsa ku Austria, pitani kwa ÖBB mwachindunji: pamene mukulemba za wokwera, sankhani Interrail kapena Eurail pa mndandanda wa makadi otsitsa mtengo, ndipo idzakuonetsani mtengo wa bedi lokha popanda chowonjezera. European Sleeper ndi Caledonian Sleeper zimagulitsa pa mawebusaiti awo. Malo a Eurostar a anthu a chiphaso amapezeka kudzera kwa Interrail, Rail Europe kapena B-Europe ya ku Belgium. Kumayiko ena a ku Balkan pali sitima zimene bedi lake mumagula pa zenera la pa siteshoni basi, ndiye ikani tsiku lapadera mumzinda wonyamukirawo.

Nightjet imatsegula malo mpaka masiku 180 ulendo usanafike, koma kawirikawiri imachedwerapo chifukwa cha ntchito zokonza njanji. Ndondomeko ya sitima za ku Ulaya imasintha chaka chilichonse pakati pa Disembala, ndiye maulendo a Khirisimasi amatsegulidwa mochedwa n'kutha msanga. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, komanso Lachisanu ndi Lamlungu usiku, yambani kufufuza kudakali miyezi iwiri kapena itatu. Pa tsiku lokwera, fikani mumzinda wonyamukira kudakali maola awiri kapena atatu. M'mawa wofika musaike ndege, Eurostar kapena msonkhano pafupi, poti kuchedwa kwa ola limodzi si kwachilendo pa sitima zimenezi.

Njira iti kwa yani

Ngati mukukhala ku Britain, kutali ndi London, ndipo muli ndi tchuthi cha mlungu umodzi kapena iwiri, tengani Interrail ya masiku 4, 5 kapena 7. Masiku awiri otuluka ndi kubwerera okha amabweza gawo lalikulu la ndalamayo. Onani kaye kuti pa Eurostar pali malo a anthu a chiphaso pa masiku onse awiri, ndipo viza ya Schengen ikhale m'manja.

Ngati mukuchokera kumudzi kudzachita msonkhano kapena maphunziro aafupi, ndipo mwatsala ndi masiku 4 kapena 5 oti muone mizinda iwiri kapena itatu, chiphaso musachiganizire. Gulani matikiti apadera viza ikangotuluka, ndipo pa usiku umodzi wa m'sitima lipirani kaamba ka tikiti yololeza kubweza ngakhale ikwereko.

Wophunzira wa zaka 27 kutsika pansi amene ali ndi mwezi wathunthu, ndipo sasamala kugona kumene kwamudera, ndiye mwini chiphaso cha masiku otsatizana. Akhazikike ku Germany, Austria, Switzerland, Netherlands ndi Belgium kumene sitima zambiri sizifuna zosungitsa, ndipo ku France ndi Italy akwere sitima za m'madera, zimene zimachedwa koma sizifuna ndalama ina.

Banja la ana a zaka 4 mpaka 11 limapindula ndi chiphaso cha masiku osankha chifukwa cha ulere wa anawo, koma liyerekeze ndi matikiti a DB, amene nawonso amanyamula ana osapitirira zaka 14 ulere akakhala ndi wamkulu. Pa usiku ligule couchette yonse.

Amene ulendo wake wonse wamangidwa pa sitima za usiku, mwachitsanzo Brussels kupita ku Prague, kenako Vienna kupita ku Rome, ayambe ndi kufunsa mtengo kawiri kuja pa usiku uliwonse. Kusiyana kukaposa mtengo wa tsiku limodzi la chiphaso, komanso ngati masana a tsiku lomwelo akweranso sitima ina yaitali, chiphaso chili bwino. Kukapanda kutero, agule mabediwo ndi matikiti athunthu.

Oyenda ku France, Spain ndi Italy okha, komanso oyenda kum'mawa kwa Ulaya okha, agule matikiti apadera. Wokacheza kwa wachibale ku Germany kwa milungu itatu atenge Deutschlandticket, awonjezere tikiti imodzi ya Nightjet ngati akufuna kuona Vienna kapena Zürich, ndipo alembe pa foni tsiku loiletsera asanakwere ndege yobwerera.